Digiri yodzikonzera wekha uli pantchito: kodi kuno kwathu adzailandira?

Funso: Ndimagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza makopaletivi a alimi. Ndili ndi dipuloma ya zabizinesi ndipo ndagwira ntchitoyi zaka 9. Ndamva kuti kunja kuli mayunivesite amene amalola munthu kudzisankhira maphunziro n'kupanga digiri yakeyake, akuphunzira pa intaneti. Ine ndikufuna kuphatikiza zowerengera ndalama, zaulimi ndi zosanthula ziwerengero. Ntchito sindingasiye, ndili ndi ana atatu. Kodi zimenezi n'zoona, nanga digiri yotere ingandithandize kuno? *Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Yankho: Mayi, zimene mwamvazo n'zoona. Digiri zotere zilipo, ndipo zina zimaperekedwa ndi mayunivesite amene akhala akuphunzitsa anthu apantchito kwa zaka zoposa 50. Koma musanatumize ndi tambala yomwe, kumbukirani kuti pepalalo likadzatuluka, odzaliweruza ndi ena: a National Council for Higher Education (NCHE), bungwe loyang'anira maphunziro aukachenjede m'dziko muno, mabwana amene adzakhale pa intavyu, ndi sukulu imene mudzafune kukachitako masitazi. Choncho ntchito yokonza digiriyi iyambire kwa anthu amenewo. Kusankha maphunziro kubwere pambuyo.

Ambiri amayesa kuti kudzikonzera digiri ndiko kutola phunziro lililonse limene lawasangalatsa mpaka nambala itakwana. Zili ngati kumanga nyumba mumzinda muno: pulani mutha kujambulitsa mmene mtima wanu wafunira, koma a khonsolo akapanda kuidinda, nyumbayo ndi yosavomerezeka. Yunivesite iliyonse yeniyeni ili ndi malamulo a kuchuluka kwa makirediti (muyeso wa maphunziro amene munthu wamaliza), mulingo wa maphunziro ake, ndi amene ayenera kuvomereza dongosolo lanu.

Ku The Open University ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1969, kuli digiri yotchedwa BA Open kapena BSc Open. Imafuna makirediti 360, ogawidwa m'magawo atatu a 120, ndipo gawo lililonse ndi lozama kuposa lapambuyo pake. M'kati mwa malire amenewo mumasankha nokha maphunziro kuchokera m'nthambi zosiyanasiyana. Ku America kachitidwe kake n'kosiyanako. Ku Empire State University ya ku New York, imene inayamba mu 1971, wophunzira amapatsidwa mlangizi, amalemba dongosolo la digiri yake pamodzi ndi chikalata chofotokoza chifukwa chimene wasankhira phunziro lililonse, kenako komiti ya aphunzitsi imaunika n'kuvomereza kapena kubweza kuti akonzenso. Palinso Thomas Edison State University, Excelsior University ndi Charter Oak State College, zimene zimadziwika ndi kulandira makirediti ambiri amene munthu anapeza kwina. Digiri yoyamba ya ku America nthawi zambiri imakhala ya makirediti pafupifupi 120, phunziro limodzi n'kukhala la makirediti 3, ndiye kuti maphunziro ngati 40. Musayerekeze 120 ya ku America ndi 360 ya ku Britain n'kuganiza kuti ina ndi yaifupi. Ndi miyeso iwiri yosiyana ya katundu wolemera mofanana. Ku Canada, Athabasca University ili ndi Bachelor of General Studies. Pafupi nafe pali University of South Africa (UNISA) ya ku Pretoria, imene ufulu wake ndi wocheperako, komabe m'madigiri ena mumasankha nokha maphunziro awiri akuluakulu oti muzamepo. Kulikonse kumene mwakonda, funso loyamba likhale lakuti kodi amalandira wophunzira wokhala ku Malawi, pa maphunziro onse amene mukufunawo.

Kuno kwathu madigiri ambiri ali ndi mndandanda wokhazikika, ndipo malo odzisankhira ndi ochepa. Izi zikukhudzanso maphunziro a ODL (ophunzira munthu ali kutali ndi sukulu) a ku LUANAR ndi ku Mzuzu University. Ndibwereranso kwa iwowa, chifukwa mwina yankho lanu lili komweko.

Yambani ndi NCHE ndi abwana

National Council for Higher Education inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndipo maofesi ake ali mu Lilongwe momwemuno. Ndiyo imavomereza masukulu aukachenjede ndi maphunziro awo m'dziko muno, ndiyonso imaunika mapepala ochokera kunja kuti ione ngati akufanana ndi akuno. Mukadzafunsira ntchito m'boma, kapena mukadzafuna kulowa masitazi, adzakufunsani kalata yawo. Anthu ambiri amapita ku NCHE digiri ili kale m'manja, ndalama zitapita, zaka zitatha. Inu pitaniko lero, muli ndi dzina lenileni la yunivesite, dzina lenileni la digiri monga lidzalembedwere pa satifiketi, ndi dzina la bungwe limene linavomereza yunivesiteyo kwawoko. Funsani ngati amaizindikira, ndipo pemphani kuti yankho likhale lolembedwa, ngakhale pa imelo pokha. Mawu apakamwa a pa kauntala sadzakuthandizani patatha zaka 6, munthuyo atasamutsidwa.

Dzina la pa satifiketi lisakudutseni. Digiri yodzikonzera nthawi zambiri sitchula ntchito iliyonse. Imangoti Open, General Studies, Liberal Studies kapena Interdisciplinary Studies. Tsono taonani zotsatsa ntchito za m'nyuzipepala zathu: zimati akufuna digiri ya Accounting, ya Agribusiness, ya Economics, "kapena yofanana nayo". Amene amasankha makalata 300 m'masiku awiri sakhala ndi nthawi yowerenga transcript yanu (chikalata chosonyeza maphunziro onse amene munatenga ndi mmene munakhozera) kuti aone kuti munazama pa chiyani. Akaona dzina losadziwika, kalata imapita pa mulu winawo. Apa m'pamene digiri yotereyi imagwetsa anthu kwambiri, ngakhale yunivesiteyo ikhale yapamwamba chotani. Ndiye tengani zotsatsa 10 za ntchito zimene mungakonde kudzagwira zaka zikubwerazi, muone zimene akufuna. Zisanu ndi ziwiri zikatchula digiri imodzimodzi, dziwani kuti msika wakuyankhani kale. Kenako pitani kwa oyang'anira antchito ku bungwe lanulo mukafunse ngati digiri ya dzina limeneli ingakukwezeni. Amene ali m'boma afunse kudzera ku unduna wawo zimene a DHRMD, nthambi yoyang'anira ogwira ntchito m'boma ku Capital Hill, amalandira pa giredi imene akuifunayo.

Pali ntchito zina zimene njirayi siyenera n'komwe. Unamwino uli m'manja mwa Nurses and Midwives Council of Malawi, udokotala uli ndi Medical Council of Malawi, ndipo uinjiniya, uphunzitsi ndi zamalamulo nazonso zili ndi mabungwe amene amafuna maphunziro okhazikika, kuphatikizapo kuphunzira pogwira ntchito moyang'aniridwa. Kwa inu, Mayi, nkhani ili pa zowerengera ndalama: ngati cholinga n'kudzakhala akauntanti wovomerezeka, njira yake ndi ya mabungwe a maakauntanti a ICAM kapena ACCA, ndipo digiri yosakaniza ikhoza kukuchotserani mapepala ochepa kwambiri a mayeso awo, mwinanso osachotsa ndi limodzi lomwe. Koma ngati cholinga n'kukhala woyendetsa pulojekiti ya makopaletivi, amene amamva bajeti, amamva nyengo ya soya ndi mtedza, ndiponso amatha kuwerenga ziwerengero za kafukufuku osadalira wina, pamenepo kusakaniza kwanuko kuli ndi nzeru. Mabungwe omwe si aboma amayang'ana kwambiri zimene munthu amatha kuchita kusiyana ndi mmene boma limachitira.

Kukonza dongosolo

Lembani chiganizo chimodzi chonena zimene digiriyi ikukonzekeretsani kuchita. Mwachitsanzo: kuyendetsa chuma cha makopaletivi ndi mabizinesi a alimi ang'onoang'ono. Phunziro lililonse limene mukufuna kulowetsa muliyese ndi chiganizo chimenechi. Likapanda kugwirizana nacho, lisiyeni, ngakhale likhale lokoma bwanji.

Langizo langa n'lakuti theka la makirediti onse, kapena kuposerapo, likhale m'nthambi imodzi, ndipo maphunziro ambiri a gawo lomaliza akhale a nthambi yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti masukulu a masitazi amawerenga kuti mwazama bwanji, ndipo munthu amene analawa pang'onopang'ono m'nthambi zisanu amapezeka kuti sakukwanira paliponse. Mwa zitatu mwatchulazi, sankhani imodzi ikhale yaikulu. Poona dipuloma yanu, ndingati ikhale ya zachuma ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Zosanthula ziwerengero zikhale yachiwiri. Zaulimi zilowe kudzera m'phunziro la zachuma cha ulimi ndi m'kafukufuku wanu womaliza. Zaulimi wa m'munda weniweni, za nthaka ndi tizilombo, musazifune ku yunivesite ya ku Ulaya pa intaneti; zimene amaphunzitsa n'za mbewu ndi nyengo yawo.

Musasiye phunziro la njira zochitira kafukufuku, ndiponso musasiye pulojekiti yomaliza ngakhale atakuuzani kuti n'zosakakamiza. Pulojekiti ndiyo mudzaike patebulo pa intavyu. Mutu wonga wakuti n'chifukwa chiyani mamembala a makopaletivi a ku Mitundu kapena ku Kasiya amagulitsa mbewu kwa mavenda m'malo modikira kopaletivi yawo, ukhoza kuyankha funso lakuti "digiri yanuyi ndi ya chiyani kwenikweni?" kuposa satifiketi.

Pokonza dongosololi yambirani kumapeto. Sankhani kaye maphunziro a gawo lachitatu amene mukuwafuna, kenako muone amene ayenera kuyamba atengedwa kuti mulowe amenewo. Apa anthu amakodwa kawirikawiri: munthu amafika chaka chachinayi n'kupeza kuti phunziro la ziwerengero limene ankalifuna likufuna masamu amene sanatenge pachiyambi. Maphunziro ena amayamba kamodzi kokha pachaka, ndiye kulakwitsa kumeneku n'kutaya miyezi 12. Enanso amathetsedwa inu muli pakati pa ulendo. Pa phunziro lililonse lofunika, khalani ndi lina loti lingalowe m'malo mwake, ndipo mlangizi avomerezeretu onse awiri.

Dipuloma yanu ndi zaka 9 zija

Apa m'pamene mungapulumutse ndalama zambiri. The Open University imatha kulandira makirediti ofika 240 mwa 360 aja kuchokera ku maphunziro amene munthu anachita kale, ngakhale kuti si aliyense amapatsidwa ochuluka choncho. Zimatengera mulingo wa dipulomayo, kumene inachokera ndi zaka zimene zadutsa. Adzafuna transcript yotumizidwa ndi sukulu yanu yakale, ndipo kawirikawiri amafunanso ndondomeko ya zimene munaphunzira m'phunziro lililonse. Yambani kuzifunafuna panopa, pakuti m'makoleji ena kupeza ndondomeko ya zaka 10 zapitazo kumatenga miyezi. Musalembetse phunziro ndi limodzi lomwe yankho la makirediti lisanabwere, kuopa kulipira chinthu chimene akanakuchotserani.

Zaka zogwira ntchito nazo zikhoza kusanduka makirediti m'mayunivesite ena, makamaka a ku America, koma osati chifukwa choti ndi 9. Amafuna umboni wa zimene munaphunzira. Mumatenga zolinga za phunziro linalake, tinene la kayendetsedwe ka bajeti, n'kusonyeza chimodzichimodzi kuti mumachidziwa: bajeti imene munakonza, lipoti limene munalemba, kalata ya abwana yotsimikiza kuti ntchitoyo inali yanu, ndi nkhani yofotokoza chifukwa chimene munachitira motero. Masatifiketi a kumawekishopu a masiku atatu ku Mponela kapena ku Salima, amene amangoti munalipo, paokha sawerengedwa. Pemphani chilolezo musanatumize zikalata za kuntchito, ndipo fufutani mayina a alimi ndi manambala a maakaunti. Dziwaninso kuti kuunikaku kumalipiridwa ngakhale akukaneni, komanso makirediti opezeka motere nthawi zambiri sakhala ndi giredi ndipo yunivesite ina ikhoza kuwakana mukasamuka. Musalole kuti akhale ochuluka kwambiri m'nthambi yanu yaikulu ija.

Nthawi

Ku Britain kirediti imodzi imaimira maola 10 a kuphunzira, ndiye digiri yonse ndi maola 3,600. Munthu wapantchito nthawi zambiri amatenga makirediti 60 pachaka, omwe ndi maola 600, kapena kuti maola 16 mpaka 18 sabata iliyonse kwa miyezi ngati 9. Digiri yonse motere ndi zaka 6. Dipuloma ikakuchotserani 120, zatsala zaka 4.

Maola 16 amenewa muwaone pa kalendala musanalipire. Munthu wochoka m'tauni 5 koloko, n'kukhala pamzere wa galimoto wa ku Kanengo, n'kufika ku 25 kutada, ana akudikira, sangawerenge za ziwerengero 9 koloko usiku kwa zaka zinayi. Amene amamaliza ambiri ndi a m'bandakucha: maola awiri kuyambira 4 koloko, masiku anayi pasabata, ndiye 8; Loweruka maola 5 kunja kwa nyumba, kaya ku National Library ku City Centre kaya ku ofesi; Lamulungu masana maola 3. Kambiranani ndi apabanja panu poyera kuti Loweruka limeneli ndani aziona ana, ndani azipita ku zinkhoswe ndi ku misonkhano ya kumpingo. Maliro okha sapangana ndi munthu, ndiye khalani patsogolo ndi sabata imodzi nthawi zonse, ndipo dziwiranitu mmene mungapemphere kuwonjezera masiku a asayimenti tsiku lisanakwane. Pantchito yanu miyezi yokolola ndi kugulitsa mbewu imakusungani kumidzi. Phunziro lolemera lisagwere nthawi imeneyo. Chaka choyamba tengani phunziro limodzi lokha, la makirediti 30, muone mmene thupi ndi banja zikulandirira.

Ngati pali makalasi oti onse akhalepo nthawi imodzi, werengani kusiyana kwa nthawi. New York ili m'mbuyo mwathu ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo, choncho kalasi ya 7 koloko madzulo kumeneko ndi 1 kapena 2 koloko usiku kuno. London imasiyana nafe ola limodzi kapena awiri. Pretoria ndi ife nthawi ndi imodzi.

M'masukulu ena a pa intaneti mayeso tsopano amalembedwa pa kompyuta kamera ikukuyang'anani. Magetsi akathima kapena netiweki ikaduka pakati, makinawo akhoza kulemba kuti mwachoka m'mayeso. Mufunika laputopu ya batire losunga moto maola atatu, ma SIM awiri, ya Airtel ndi ya TNM, onse ali ndi bandulo, ndi chipinda chotseka chowala bwino chimene simulowa munthu. Ngati ku ofesi kuli jenereta kapena sola, pemphani chipinda kumeneko nthawi ikadalipo. Zikavutabe, jambulani chithunzi cha zimene kompyuta yalemba pamodzi ndi nthawi yake, mutumize lipoti tsiku lomwelo. Ndipo musayese kugula asayimenti kwa anyamata olembera anthu. Zikadziwika, chilango chimatha kukhala kuchotsedwa sukulu, ndalama zonse zitapita.

Ndalama zakunja

Ichi n'chimene chimaimitsa ophunzira ambiri akuno pakati panjira. Fizi ya kunja ndi ya madola, mapaundi kapena marandi, pomwe malipiro anu ndi a makwacha. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankayenera kulipira madola 1,000 anagona akufunika K1,180,000 n'kudzuka akufunika K1,700,000, ndipo izi zinachitika patangopita chaka ndi theka kuchokera pamene inatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu May 2022. Pamwamba pa apo, kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti banki ikupatsani madola sabata yomweyo. Perekani invoyisi ndi kalata yokulandirani ku banki miyezi iwiri tsiku lolipira lisanafike, ndipo funsani yunivesite ngati imasunga malo ndalama zikachedwa. Sankhani sukulu yolipiritsa phunziro limodzilimodzi, imene imalola kupuma chaka osataya makirediti, ndipo funsani kuti digiri yonse iyenera kutha m'zaka zingati. Powerengera mtengo, phatikizani fizi yolembetsera, ya mayeso, mabuku, mabandulo, kutumiza mapepala ndi kuunikitsa ku NCHE. Ngongole za Higher Education Students' Loans and Grants Board anazikonzera ophunzira a m'masukulu ovomerezeka a m'dziko muno, choncho musaziike m'bajeti ya sukulu yakunja. Bungwe lanu likavomera kuthandiza, werengani bwino bondi, mgwirizano wokumangani kugwirabe ntchito pamenepo: zaka zingati, ndipo mudzabweza zingati pulojekiti ikatha ntchito n'kukutherani.

Akuba nawo amakonda mawu omwewa akuti "digiri yogwirizana ndi moyo wanu". Mu 2015 nyuzipepala ya The New York Times inaulula kampani ya Axact ya ku Pakistan, imene inali ndi mawebusaiti mazanamazana a masukulu ongopeka ogulitsa madigiri. Zizindikiro zake sizisintha: digiri m'miyezi yochepa, kungoona CV basi, mtengo umodzi wa digiri yonse wotsitsidwa mukalipira lero, ndi wothandizira wa pa WhatsApp wofuna ndalama pa nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba. Amatchulanso bungwe lowavomereza limene anapanga okha. Sukulu ya ku America muifufuze m'kaundula wa CHEA, bungwe la kumeneko losunga mndandanda wa masukulu ovomerezeka, kapena wa unduna wa zamaphunziro wa dzikolo, osadalira zimene yalemba pa tsamba lake. Safunsa anadya phula.

Ngakhale sukulu yeniyeni imatha kutsekedwa. Goddard College ya ku Vermont, imene inkadziwika kwambiri ndi madigiri odzikonzera, inatseka mu 2024. Choncho teremu iliyonse ikatha tengani transcript, sungani ndondomeko ya phunziro lililonse ndi dongosolo lanu lovomerezedwa lija, ndipo pakati pa masukulu awiri ofanana, sankhani yaboma yaikulu.

Tsopano tibwerere kwathu. Kwa munthu wa dipuloma ya zabizinesi wogwira ntchito ndi alimi, ndikanakonda muyambe mwafunsa ku LUANAR za maphunziro awo a ODL okhudza bizinesi ndi zachuma cha ulimi, ndiponso muone zimene Mzuzu University ndi masukulu ena ovomerezeka ali nazo. Fizi ndi ya makwacha, dzina la digiri mabwana akulidziwa, aphunzitsi amadziwa kopaletivi ya kuno mmene imayendera, ndipo anzanu a m'kalasi ndi omwe mudzakumane nawo pantchito. Mudzafunika kupempha tchuthi cha masabata angapo a makalasi a maso ndi maso ndi mayeso. Ufulu wosankha ndi wochepa, inde, koma mutu wa kafukufuku ndi wanu, ndipo zosanthula ziwerengero mutha kuziwonjezera ndi kosi yaifupi yapadera. Onetsetsani kuti pa mndandanda wa NCHE pali digiri yeniyeniyo, osati dzina la sukulu lokha, pakuti sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pomwe maphunziro ake ena sanavomerezedwe, ndipo funsani kuti dipuloma yanu ikulowetsani chaka chachingati.

Digiri yodzikonzera ya kunja muitenge zinthu zitatu zikakwanira pamodzi: palibe digiri yakuno yofika pafupi ndi chiganizo chanu chija, NCHE ndi abwana ayankha molemba kuti adzailandira, ndipo muli ndi njira yodalirika yopezera ndalama zakunja kwa zaka zinayi kapena kuposerapo. Mwezi uno lembani chiganizocho, sonkhanitsani zotsatsa ntchito 10 zija, itanitsani transcript ku koleji yanu yakale, ndipo tumizani funso lomwelo la makirediti ku yunivesite imodzi yakuno ndi imodzi yakunja kuti muyerekeze mayankho awo.